Musamavuule chinangwa chisanafewe

Sabata yatha ndikuphunzitsa za mabakiteriya mu Fomu 3, mtsikana wina anadandaula kuti, "Aphunzitsi, zinthu zosaoneka ndi masozi tiziloweza chifukwa chiyani?" Ndinamufunsa chomwe anadya dzulo lake. Anati kondowole. Ndinamuuza kuti ndiye kuti mabakiteriya anamuphikira theka la nsimayo.

Kuno ku Bua tonse timadziwa kuviika chinangwa, koma ndi ochepa amene amadziwa zochitika m'madzimo. M'chinangwa muli zakudya zingapo za tizilomboti: shuga, sitachi, ndi ulimbo wina wotchedwa pectin umene umamata mnofu wa chinangwa kuti ukhale wolimba. Zakudya zikachuluka chonchi, tizilombo tambiri sitidya zonse pakamodzi. Mu 1941 wasayansi wa ku France, Jacques Monod, anapatsa mabakiteriya shuga wamitundu iwiri. Anayamba kudya wosavuta, glucose, ndipo atatha anaima kaye osaswana, kukonza zida zogayira winayo, kenako n'kuyambiranso. Mwana amachitanso chimodzimodzi, amayamba watha nyama kenako masamba.

M'chidebe cha chinangwa ntchito imayendanso pang'onopang'ono. Tizilombo tina timathamangira shuga n'kuwawasitsa madzi. Tina timagaya ulimbo uja, ndipo izi zimatenga masiku. Mnofu ukafewa, poizoni wa m'chinangwa chowawa, yemwe amatulutsa cyanide, amasweka n'kusungunukira m'madzi. Ndiye thovu ndi fungo la tsiku loyamba zisatinamize. Chizindikiro chenicheni n'chakuti chinangwa chifewe mpaka kumafinyika m'manja.

Ndikudziwa zomwe ena anganene. M'miyezi ya njala, mayi amene ana ake akulira sangadikire masiku atatu kapena anayi. Sindikuwaweruza, inenso ndinakulira m'nyumba yotero. Koma mu 1981, chilala chitavuta m'chigawo cha Nampula ku Mozambique, anthu oposa 1,000 anapuwala miyendo ndi matenda a konzo chifukwa chodya chinangwa chowawa chosakonzedwa bwino. Kupuwala kumeneku sikuchira. Njala ya masiku awiri imatha, koma mwendo ukapita wapita.

Choncho aphunzitsi anzanga a m'mbali mwa nyanja, phunziro ili tisamalisiye pa bolodi. Tiviike chinangwa m'kalasi, ana azichifinya tsiku lililonse n'kumalemba zomwe aona. Mwana wotero akafika kunyumba adzatha kunena mwaulemu kuti, "Amayi, tiyeni tidikire mawa."