ZA NZERU ZATSOPANO: Njerwa za m'kompyuta

Awerengi athu a kwa Tembwe, m'boma la Chama, adziwa bwino kuti cikombole cimodzi ciumba njerwa zomangira sukulu, cipatala ngakhale nyumba yosungiramo mpunga. Ndi mmenenso amisiri amangira mapulogalamu a kompyuta masiku ano.

M'caka ca 2013 kampani ya Facebook inatulutsa cipangizo cochedwa React. Mmisiri aumba kacidutswa kamodzi, monga kabokosi kolembamo dzina, nakagwiritsa nchito kambirimbiri pa masamba a intaneti. Mu 2015 kunabwera React Native, yomangira mapulogalamu a m'foni ndi luso lomwelo, ndipo mu 2016 a Microsoft anaifikitsa ku makompyuta a Windows.

Nanga ife a kumudzi zitikhudza bwanji? Tsamba la pa intaneti lidalira netiweki. Ikasowa, kalaliki angokhala manja lende. Koma pulogalamu yokhala m'kompyuta momwemo, ngati inamangidwa kuti izisunga zolembedwa pomwepo, ipitiriza nchito, nidzatumiza zonse ku Lusaka netiweki ikabwera. Pa cipatala, pamene mai wayenda mtunda wautali ndi mwana wodwala kumbuyo, kusiyana kumeneku si kwa masewera ai. SmartCare yoyamba ya Unduna wa Zaumoyo inaikidwa m'makompyuta a pa zipatala momwemo, ndipo inali kugwira nchito popanda intaneti.

Tsono inu anyamata ndi asungwana amene mwaphunzira kumanga masamba, cikombole muli naco kale, ndipo React sagula, ndi yaulere. Yambani ndi kaundula wa matumba a mpunga a kopaletivu yanu.