"Odi" Ndi Mau a Yani?

Alipo akulu ena m'mipingo ya ku Dowa ndi ku Ntchisi amene adzudzula anyamata, nati aononga Cicewa ca makolo ndi mau acilendo. Ndifunsa inu akulu: pofika pakhomo pa mnzanu munena ciani? Simuti "Odi" kodi? Mau amenewo ndiwo "hodi" wa Aswahili, mtundu wa Jumbe uja wa ku Nkhotakota, wogula ndi kugulitsa akapolo. Ngakhale "boma", kumene mumuka ndi milandu yanu, ndi mau ao, ndiko kunena linga. Nsapato muvala pa Sabata, mbatata za m'munda mwanu, kalata ya mwana wanu wa ku Johannesburg, maina ace onse tinalandira kwa Apwitikizi. Sukulu kuno sitinaidziwa kufikira Murray ndi Vlok anamanga pa Mvera, m'dziko la Ciwere, caka ca 1889. Nanga ndani lero anena kuti "sukulu" si Cicewa?

Makolo athu sanaopa mau a mlendo. Anawatenga, nawapinda monga lilime lao linafuna. Colakwa ca anyamata ncina: ameza Cingelezi cacisiwisi, osacipinda konse, ndipo pamaliro ndi pamsonkhano agogo ao angokhala duu, osamva kanthu. Ici ndico mukadadzudzula, abale.