Nkhuyu Zodya Akulu Zapota Mwana

Adzukulu anga, ndi inu nonse okonda miyambo yathu, makolo anati nkhuyu zodya mwana zipota mkulu, kutanthauza kuti mwana akalakwa mlandu umagwera kholo. Koma ku America mwambiwu anauzondotsa kwa zaka zambiri: nkhuyu ankadya akulu, m'mimba n'kumapota mwana.

Ndikunena za masewero a hockey, aja a ndodo zokhota pa madzi oundana. Bungwe la NCAA, loyang'anira masewero m'makoleji a kumeneko, linali ndi lamulo lakuti mnyamata amene wasewerapo mu ligi ya achinyamata ya CHL ya ku Canada asaponde m'timu ya Division I. Ati ligiyo ndi ya anthu olipidwa, poti anyamatawo amalandira kandalama kodzithandizira.

Taonani za Rylan Masterson. Mu 2022, ali ndi zaka 16, anasewerera timu ya Windsor Spitfires masewero awiri okha oyeserera, nyengo ya ligi isanayambe. Basi, khomo la hockey ya ku koleji linatsekeka. Mu 2024 anakasuma ku khoti.

Kodi mwana wa zaka 16 amadzisankhira yekha njira? Si makolo, aphunzitsi a masewero ndi eni matimu amene amamuuza kuti lowa apa? Nanga chilangocho chigwerenji pa iye yekha, akuluwo n'kumagona tulo? Pa bwalo la mfumu, wakuba nkhuku salipitsidwa ng'ombe. Ngakhale pa uhedimasitala wanga, mwana wolakwa koyamba tinkamupatsa khasu kuti alime m'munda wa sukulu, sitinkamuchotsa sukulu.

Ena amati lamulo ndi lamulo, ndipo linkateteza ophunzira ku umbombo wa ndalama. Ndikukana! Kuyambira mu July 2021, NCAA yomweyo inalola ophunzira kupeza ndalama potsatsa malonda ndi maina awo. Tsono wolandira zochuluka ali woyera, koma amene analawa pang'ono ali mwana ndiye wodetsedwa? Kumeneko n'kuyeza ndi miyeso iwiri.

Mu November 2024 bungweli linasintha maganizo, ndipo kuyambira pa 1 August 2025 anyamata a CHL akuloledwa kusewera m'makoleji. Chaka chomwecho Gavin McKenna anachoka ku Medicine Hat Tigers n'kupita ku Penn State. Zabwino ndithu, koma ine sindiomba m'manja msanga. Kusinthako kunadza mlandu uli kale ku khoti. Ndipo anyamata aja amene anakanizidwa mpaka zaka zawo zosewerera zinatha, adzawabwezera ndani? Mlandu suola.

Adzukulu anga, ena mwa inu mudzakhala pa mipando yoweruza anzanu, kaya ku sukulu, ku mpingo kapena ku mpira. Musanagamule, funsani kuti wadya nkhuyu ndani. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.