Kabawi wabwera, samalani anapiye

Mukaima pamsika wa Lizulu, pomwe msewu wa M1 umalekanitsa Malawi ndi Mozambique, tayang'anani kumwamba. Uyo akuzungulira osakupiza mapiko, mlomo wachikasu, mchira wamphanda ukupendekeka uku ndi uku, ndiye kabawi. Amafika cha mu Ogasiti n'kuchoka mvula ikamatha. Sasankha ndiwo mkuluyu: mbewa zothawa moto kutchire, ngumbi zikamauluka, ngakhale galu wogundidwa pamsewu.

Koma akaona mwanapiye sachedwa. Agogo anga ankakuwa "swa! swa!" iye atapita kalekale. Thadzi likalira mochenjeza, anapiye amathamangira pobisala, ndipo pabwalo posesa mbee alibe kolowera. Ndiye amayi, musadule tchire lonse pakhomo. Siyaniko kachitsamba, apo ayi avindikireni ndi dengu mpaka atakulako.