Njinga ikakana kulira, injini ikhale yomaliza kutsegulidwa

Kuseri kwa maofesi a zaulimi ndi zipatala za kumidzi sikusowa njinga yamoto yotsamira khoma, matayala ataphwa, mpando utang'ambika, nkhuku zikuikira mazira pansi pake. Kawirikawiri zimakhala zija zazitali zamatayala amanomano, Yamaha DT 125, Yamaha AG 200 kapena Honda XL 125, zimene alangizi ndi azaumoyo akhala akuyendera m'misewu yafumbi kwa zaka zambiri. Mukafunsa chinachitika n'chiyani, amangoti injini inafa. Mawu amenewa ine sindiwavomera msanga. Njinga za mtundu uwu anazipangira nkhanza za kutchire. Za AG anazikonzera alimi a ku Australia ndi New Zealand, n'chifukwa chake tcheni chake n'chokutidwa kuti matope asalowe. Makina otere sangofa usiku umodzi ali chiimire. Chimene chimawapha nthawi zambiri ndi phuma la munthu wogwira sipanala, amene amayambira pa chodula pomwe vuto lili pa chotchipa.

Injini ya petulo siifuna zambiri kuti ilire. Imafuna mafuta, mpweya, moto wa pa pulagi ndi mphamvu yopanikiza imene amakaniko amati kompuresheni, ndipo zonsezi zikumane pa nthawi yake. Pa zinayizi, zitatu munthu angathe kuziyesa pansi pa mtengo wa mango osamasula bawuti ngakhale imodzi ya injini. Poyambira ndi pa zinthu zochititsa manyazi kuzitchula: kabatani kofiira kozimitsira injini kali pati, kampopi ka pansi pa thanki kaloza pa ON, pa OFF kapena pa RES, ndipo m'thankimo muli chiyani. Funso lomalizali ndi lalikulu kuno kwathu. Petulo wa m'Malawi wakhala akusakanizidwa ndi ethanol kuyambira mu 1982, pamene fakitale ya ku Dwangwa inayamba kumupanga kuchokera ku zotsalira za shuga. Ethanol amakoka chinyezi. Njinga ikakhala miyezi ingapo osayenda, makamaka nthawi ya dzinja, madzi amadikha pansi pa thanki, dzimbiri n'kuyamba, petulo wotsalira m'kabuleta n'kuuma kusanduka utomoni wonunkha ngati vanishi. Onjezanipo petulo wogula m'zigubu m'mbali mwa msewu mafuta akasowa, amene wina sadziwa kuti chigubucho chinasungapo chiyani dzulo.

Utomoni umenewu sufunika kuchuluka. M'kabuleta muli kajeti kamene kamapereka mafuta injini ikamayamba kulira, ndipo kabowo kake sikafika ngakhale theka la milimita. Kanjere kamodzi ka dzimbiri kakwanira kugoneka njinga yonse. Pansi pa kabuleta pali kasikuluu kotsitsira mafuta; kamasuleni, ikani kabotolo koyera pansi, muone chotuluka. Ngati sikutuluka kanthu, vuto lili pakati pa thanki ndi kabuleta, mwina paipi yapindika, mwina kasefa katsekeka, mwinanso kabowo kopumira ka pa chitsekerero cha thanki kadzaza fumbi. Ngati pansi pa botolo pakhala timadontho tosasakanikirana ndi petulo, amenewo ndi madzi, ndipo mlandu watha. Kajetiko kamatsukidwa ndi petulo woyera n'kuuzira mpweya. Kukatokosa ndi singano, monga ambiri amachitira, kumakulitsa bowo, ndiye njinga imalira lero koma n'kumamwa mafuta mpaka kalekale.

Za moto nazonso n'zosavuta kuona ndi maso. Masulani pulagi, ibwezereni m'kapu yake, igunditseni pa chitsulo cha injini, wina aponde kiki. Moto wabwino umathetheka wabuluu, kuchita kumveka kuti tche. Wofiirira wofooka, kapena kusowa kwake, ndiye kuti tiyang'ane pulagi yeniyeniyo, kapu, waya wothetheka penapake, kenako koilo, ndipo kabokosi ka CDI kakhale komaliza poti ndiko kodula. Pulagi yokha imaulula zambiri. Ikatuluka youma pambuyo poponda kiki kakhumi, mafuta sakufika. Ikatuluka yonyowa, mafuta achuluka, injini yamira, ndipo mankhwala ake ndi kutseka choki, kutsegula moto wonse n'kuponda kangapo pulagi ili kunja. Ikatuluka yakuda yamwaye, funsani sefa ya mpweya, imene m'fumbi la mwezi wa Okutobala imatsekeka ngati thumba la simenti lonyowa. Pa DT 125, imene injini yake imatentha oyilo pamodzi ndi petulo, pulagi yonata imasonyezanso kuti oyilo wachuluka, makamaka pamene wina anachotsa pampu ya Autolube n'kumangothira oyiloyo m'thanki mongoyerekeza. Batire, amene ambiri amathamangira kugula, nthawi zambiri alibe mlandu, chifukwa njinga zambiri zakale zoponda kiki zimatenga moto kuchokera ku magineto.

Wina anganene kuti makaniko wodziwa ntchito safunika kudutsa njira yonseyi, amangoponda kiki kamodzi n'kudziwa kuti malingi a pisitoni atha. Zoona zilipo pamenepa. Mwendo wozolowera umamva kusiyana kwa kiki yolimba ndi kiki yongotsika ngati ukuponda thonje, ndipo chala chachikulu chikatseka bowo la pulagi, injini yabwino imachikankha mwamphamvu. Koma kuchepa kwa kompuresheni sikutanthauza pisitoni nthawi zonse. Pa XL 125 ndi AG 200, mavavu akathina satsekeka bwino, mpweya umathawa, njinga n'kumavuta kulira m'mawa. Kukonza zimenezi ndi ntchito ya kachitsulo koyezera mpata ndi sipanala, mwina theka la ola. Ndiponso njinga ya malingi otha siikana kulira mwadzidzidzi. Imayamba yadandaula kwa miyezi, kufuka utsi, kulephera zitunda, kumwa oyilo. Imene inayenda bwino Lachisanu n'kukana Lolemba sinathe malingi Loweruka. Tisabisenso kuti pa galaja kutsuka kajeti kulibe ndalama, pomwe ovaholo ili ndi ndalama ya ntchito ndi kenakake pa masipeya. Sindikuti amakaniko ndi akuba. Ambiri amagwira ntchito opanda choyezera chilichonse, ndipo mwini njinga yemweyo ndi amene amanyinyirika kulipira munthu amene wangouzira kabowo. Tinazolowera kulipira thukuta m'malo molipira nzeru, ndiye thukutalo timalipeza.

Ena amati kulimbana ndi njinga ya zaka 20 n'kutaya nthawi, poti zatsopano zochokera ku China, zimene a kabaza akuyendera m'tauni iliyonse, n'zotsika mtengo ndipo masipeya ake ali paliponse. Kwa munthu wonyamula anthu pa phula mfundoyi ndi yomveka, chifukwa tsiku limene njinga yagona ndi tsiku la njala. Koma mlangizi wopita kuseri kwa phiri mvula ikugwa akufuna njinga yotalika pansi, yamasipuling'i aatali, yosakanirira m'matope, ndipo yotere yatsopano siigulika wamba masiku ano a kusowa kwa ndalama zakunja. Za masipeya, vuto limakula pamene injini yatsegulidwa popanda chifukwa. Pisitoni yoyambirira ya ku Japan, imene inali ndi moyo, imachotsedwa n'kuikamo yosadziwika kochokera, gasiketi n'kudula pa katoni, mabawuti n'kumanga mongomva m'manja, mchenga wa pabwalo n'kulowa m'mabering'i. Njinga imene inabwera ndi madzi m'kabuleta imachoka ndi matenda enieni, ndipo ikabwereranso kachiwiri aliyense amavomereza kuti inali yakale.

Ilipo nthawi yotsegula injini, ndipo imadziwika. Mafuta oyera akufika, sefa ikupuma, moto ndi wabuluu, mavavu ali pa mpata wake, koma njinga ili duu. Ngakhale apo, pali zoyamba kuona kunja. Ekizozi ya DT imatsekeka ndi mwaye wa oyilo, ndipo njinga yokhalitsa pakhonde mavu amatha kumata dothi m'kamwa mwake. Kuseri kwa chivindikiro cha kumanzere kuli kakiyi kachitsulo konga chidutswa cha mwezi, kamene kamagwira gudumu la magineto pa malo ake. Kakameteka, moto umaonekabe bwinobwino pa pulagi koma umafika pa nthawi yolakwika, njinga n'kumangophulika mu ekizozi kapena kubweza kiki mpaka kupweteka mwendo. Kakiyi kameneka n'kochepa kuposa chikhadabo cha chala chachikulu, ndipo kukafikira sikufuna kukhudza pisitoni.