Chiwongolero chikamanjenjemera, mpamba uli pachiswe

Katundu wambiri amene amagulitsidwa ku Kawale, ku Area 23, pa Nsungwi ku Area 25, kwa Chinsapo ndi ku Mgona amachokera kutali ndi msewu wa tala. Mtedza, nyemba, soya, tomato ndi mbatatesi amalonda amakazipikula m'midzi ya ku Mitundu, Nsundwe, Nkhoma mpaka Bembeke ku Dedza, komwe minibasi imathera panjira. Zimene zimafika kumeneko ndi galimoto zakale zolimba monga Land Cruiser, Hilux, Nissan Patrol ndi Land Rover. Zimanyamula ndithu, koma zambiri zili ndi matenda amodzi: zikagunda dzenje, chiwongolero chimayamba kunjenjemera, dalaivala n'kumangoti "ndi khalidwe lake, yakalamba".

Mawu amenewa wamalonda asamawalandire. Galimoto yonjenjemera chiwongolero ndi yodwala, ndipo wolipira hayala ali ndi ufulu wofunsa asanakweze thumba ngakhale limodzi.

Kunsi kwa galimoto zoterezi, chakutsogolo, kuli kachipangizo kofanana ndi shoko koma kogona chopingasa. Amakaniko amati steering damper, ena amangoti shoko ya stiyaring'i. Mbali imodzi imamangidwa ku chitsulo chokhotetsa matayala, mbali ina ku chasisi kapena ku ekiselo. M'kati mwake muli oyilo. Tayala likagunda mwala kapena dzenje, shoko imeneyi ndiyo imameza mphamvuyo kuti isafike yonse m'manja mwa dalaivala. Ikatha, oyilo amadontha, ndipo bampu iliyonse imakankha chiwongolero molunjika. Ina ikapindika kapena kuuma, chiwongolero chimalimba ndipo sichibwerera bwino galimoto ikamaliza kukhota.

Eni galimoto ali ndi yankho lawo, ndipo silopanda nzeru. Amati galimoto imayenda ngakhale shokoyo itachotsedwa, zomwe n'zoona, pakuti si iyo imakhotetsa matayala. Amatinso masipeya adakwera mtengo koopsa kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, pamene amalonda safuna kuti hayala ikwere. Ndalama ikapezeka, mwini galimoto amayamba wagula dizilo ndi matayala, zina zidikire.

Koma kuyenda pa tala wosalala wopanda katundu n'kosiyana ndi kutsika chitunda cha ku Dedza utasenza matumba mpaka pamwamba. Katundu akachuluka kumbuyo, kutsogolo kumapepuka, matayala akutsogolo sagwira bwino pansi. Nthawi ya dzinja matope amamatirira m'kati mwa marimu, tayala n'kumalemera mbali imodzi. Zikakumana zimenezi ndi dzenje limodzi pa liwiro, matayala onse awiri akutsogolo amatha kuyamba kugwedezeka mwamphamvu uku ndi uku, makamaka pa galimoto za ekiselo imodzi yolumikiza matayala awiriwo, monga Land Cruiser ndi Patrol zakale. Apo dalaivala amakhala ndi masekondi ochepa, ndipo m'mbali mwa msewu muli akabaza, ana asukulu ndi amayi osenza madengu.

Galimoto ikagwa kapena kufera kutchire, mwini wake amataya tsiku ndi ndalama yokonzetsera. Wamalonda amataya zambiri. Tomato wophwanyika sabwezedwa kwa mlimi. Mtedza wonyowa ndi mvula umachita nkhungu, ogula a ku Mgona n'kuukana kapena kuugwetsa mtengo. Amene adafika mochedwa pa Wakawaka amapeza opikula atagula kale kwa ena. Ndipo mpamba wa ambiri ndi wobwereka ku banki m'khonde kapena kwa akatapila, omwe safunsa ngati galimoto idafika.

Pali msampha wina umene eni galimoto amagwamo. Chiwongolero chikanjenjemera, amathamangira ku Biwi Triangle kapena ku Malangalanga, kugula shoko ina, kumanga, kunjenjemera kuja n'kuchepa, iwo n'kumati vuto latha. Nthawi zambiri silinathe. Shoko yatsopano imangobisa matenda. Gwero lenileni limakhala matayirodi otha, mabushi odyeka, mabering'i a tayala olekeza, mabering'i a pokhotera tayala, rimu yopindika, kapena matayala osabalansa ndi osiyana mpweya. Galimoto yomwe zonsezi zili bwino sinjenjemera pa msewu wabwino ngakhale shoko ili yofooka. Choncho makaniko wongosintha shoko osaika jeke n'kugwedeza tayala wadya ndalama ya munthu. Pakapita miyezi yochepa shoko yatsopanoyo nayonso imatha, chifukwa ikulimbana yokha ndi zitsulo zolekeza, ndipo tayirodi yotha ikadzathothoka galimoto siikhotanso konse.

Ndondomeko yopulumutsa ndalama ndi iyi. Makaniko akweze kutsogolo ndi jeke, agwire tayala m'mbali zonse ziwiri n'kuligwedeza, kenako aligwire pamwamba ndi pansi. Kugogoda kulikonse kukusonyeza chitsulo chotha, ndipo chimenecho ndicho choyamba kusinthidwa. Matayala abalansidwe, mpweya ufanane, alayimenti ipimidwe. Shoko ibwere pomaliza. Kuiyesa n'kosavuta: imasulidwe, ikokedwe ndi kukankhidwa ndi manja. Yabwino imalimba mofanana popita ndi pobwera. Ikamangolowa fwee, kapena kulimba pena n'kulekeza pena, yatha. Wogula shoko yochotsedwa ku galimoto ina aiyese chimodzimodzi ali pomwepo, ndalama isanatuluke m'thumba.

Wamalonda naye ali ndi zoti aone, ndipo sizifuna sipanala. Asuzumire kunsi chakutsogolo: shoko yonyowa ndi oyilo n'kumatirira fumbi ndi yotha. Ayang'ane matayala akutsogolo ngati adyeka mbali imodzi kapena mwa zigamba. Apemphe dalaivala agwedeze chiwongolero pang'ono galimoto ili chiimire. Chikamayenda mtunda matayala asanayankhe, pali cholekeza. Pepala la COF lomatidwa pagalasi ndi lofunika, koma limanena za tsiku limene galimoto idapimidwa, osati za miyezi yomwe yakhala ikugunda maenje chipimidwire. Safunsa adadya phula.

Kunjenjemera kukayamba pa ulendo, dalaivala asaponde buleki mwadzidzidzi kapena kuwonjezera moto. Agwire chiwongolero ndi manja awiri, achotse phazi pa moto, galimoto ichepetse liwiro pang'onopang'ono mpaka ikhazikike, kenako aime pambali n'kuona kunsi. Pa msewu wa miyala zala zazikulu zikhale kunja kwa chiwongolero, chifukwa chikabwerera mwamphamvu chimatha kuzivulaza. Amalonda ali m'galimotomo asamuumirize kuthamangira msika. Kuthamanga sikufika.

Mphamvu yosintha zinthu ili kwa olipira. Amalonda ambiri amasonkherana anayi kapena asanu pochita hayala galimoto imodzi, ndipo gulu lotere likakana galimoto yodwala, mwini wake amamva msanga kuposa pamene wadzudzulidwa ndi wapolisi wa pamsewu. Agwirizanenso ulendo usanayambe kuti katundu akaonongeka chifukwa cha vuto la galimoto, adzalipira ndani, ndipo pakhale mboni. Komanso asiye kukakamiza matumba owonjezera pofuna kuchepetsa hayala, pakuti kulemera kumeneko ndiko kumapha zitsulo zomwe akudandaulazo.

Mwini galimoto amene wakonzetsa kutsogolo konse ayenera kupatsidwa ulemu wake pa mtengo. Akawonjezera pang'ono pa thumba, wamalonda wanzeru awerengere ndalamayo pamodzi ndi mtengo wopikulira, monga amachitira ndi chiphaso cha msika. Hayala yotchipa ya galimoto yonjenjemera imakoma pokambirana, koma tsiku limene yagwetsa katundu imatenga mpamba wonse.