Handibuleki ya batani yafika, nanga amakanika akonzeka?

Munthu amene anaphunzira umakanika m'zaka za m'ma 1970, pamene magalimoto a Fiat anali kumangidwa ku Livingstone, anali kudziwa handibuleki monga mlimi adziwira khasu lace. Unali mpini pakati pa mipando iwiri ya kutsogolo, ndi cingwe ca waya copita ku mawilo a kumbuyo. Cingwe cikakhwepa anali kucimanga, cikaduka anali kugula cina, nkhani n'kuthera pomwepo. Lero mpini uja mulibe m'magalimoto ambiri amene ali kulowa m'dziko pa Nakonde kucokera ku doko la Dar es Salaam. Pamalo pace pali kabatani kolembedwa P, kamene mwana akhoza kukoka ndi cala cimodzi.

Kabatani aka sikanayambe dzulo. Kanaoneka mu 2001 pa BMW 7 Series, galimoto ya anthu a cuma cambiri, ndipo pa nthawi ija panalibe makanika wa ku Chipata amene anali ndi cifukwa ca kukaganizira. Koma Volkswagen Passat inakhala nako mu 2005, Honda Vezel mu 2013, Mazda CX-5 kuyambira mu 2015, ndi Toyota C-HR mu 2016. Ku Japan lamulo lifuna kuti galimoto yatsopano ipimidwe ikakwanitsa zaka 3, ndipo pambuyo pace zaka 2 ziri zonse; ambiri agulitsa magalimoto ao asanakalambe, ndipo ndiwo amene akwezedwa m'sitima za pamadzi kudza ku Afrika. Motero galimoto imene kale inali yacilendo tsopano iri m'manja mwa mphunzitsi wa ku Katete, namwino wa ku Petauke ndi wamalonda wa pa msika wa Soweto mu Lusaka. Mapadi ace a kumbuyo atha monga athera mapadi ena onse, ndipo tsiku lowasintha likafika mwini wace apita kwa makanika yemweyo amene anali kumkonzera Corolla yakale.

Pamenepa ndipo pagona nkhani. Makanika uja ndi waluso, ndipo ndi anthu onga iye amene anasunga magalimoto a dziko lino pa mseu m'zaka zimene zitsulo zatsopano zinali kusowa m'masitolo. Cimene alibe ndico cidziwitso ca maminiti ocepa cabe, cimene palibe anampatsa. Dziko lalola magalimoto awa kulowa, ndipo Boma lilandira msonkho pa iri yonse. Kuli koyenera tsono kuti nzeru za kakonzedwe kace zilowe pamodzi nawo, zifike kufikira pansi pa mtengo wa mango pamene nchito yeniyeni icitikira.

Mahandibuleki a magetsi alipo a mitundu iwiri. Pa mtundu wina, mota imodzi yobisika pansi pa galimoto ikoka zingwe za waya, kugwira nchito imene kale unali kugwira mkono wa dalaivala. Mabuleki eni ace ku mawilo ndi akale omwe, ndipo sabvuta kwenikweni. Mtundu waciwiri, umene ndiwo wafala, ulibe cingwe konse. Kuseri kwa kalipa iri yonse ya mawilo a kumbuyo kwamangiriridwa kamota m'kabokosi kakuda ka pulasitiki. Dalaivala akakoka batani, kamota kazungulitsa magiya ang'ono-ang'ono, magiya azungulitsa bauti imene iri m'kati mwa pisitoni, ndipo nati ya pa bautiyo ikankha pisitoni kuti mapadi apane disiki. Kulira kumene kumveka kumbuyo kwa galimoto poimika ndiko kwa timamota timeneti. Magetsi akazima nati ikhala pomwepo, siibwerera yokha, ndico cifukwa cace galimoto igona pa citunda usiku wonse osasuntha. Ndipo pamene mapadi ali kutha, nati itsatira pisitoni pang'ono-pang'ono, kusendera kunja.

Mapadi atsopano ndi okhuthala, pafupi mamilimita 10, pamene akale acotsedwa atatsala ndi 2 kapena 3. Cotero pisitoni iyenera kubwerera m'kati kuti atsopano alowe. Ku mawilo a kutsogolo makanika aikankha ndi G-clamp, ndipo ibwerera mosabvuta. Pa makalipa akale a kumbuyo, aja a cingwe, anazolowera kuizungulitsa ndi kacitsulo kace. Pa kalipa ya kamota pisitoni ikana, pakuti kuseri kwace kuli nati imene yaichinga. Munthu wosadziwa aganiza kuti ndi dzimbiri. Amanga G-clamp kolimba, kenaka alowetsa paipi pa mpini wace kuti aonjeze mphamvu, mnyamata womthandiza nayenso agwirapo. Cimene cigonja pa nkhondo imeneyi ndi bauti, kapena magiya, kapena kabokosi ka kamota. Nthawi zina cimveka kuthyoka pomwepo. Nthawi zina galimoto icoka bwino, ndipo bvuto lioneka pambuyo pace, nyali yocenjeza itayaka pa dashibodi, wilo limodzi liri kutentha cifukwa buleki yakana kumasuka, kapena handibuleki itagwira mbali imodzi yokha. Mwini galimoto amene anadza kudzagula mapadi apezeka ali kufunafuna kalipa yathunthu, imene mtengo wace uposa wa mapadi kangapo, ndipo m'matauni ang'ono siipezeka pa shelefu.

Pali ngozi yina imene ikhudza thupi la makanika mwini wace. Magalimoto ambiri a mtundu uwu amanga handibuleki okha injini ikazimitsidwa kapena giya ikaikidwa pa P. Ngati kalipa yacotsedwa, ndipo wina m'kati mwa galimoto akhudza batani kapena kiyi pofuna kumvera wailesi, kamota kayamba kukankha. Mphamvu imene iimika galimoto yolemera kuposa tani imodzi pa citunda siimva kuti pakati pali cala. Ngati palibe coichinga, pisitoni ituluka kunja konse, mafuta a mabuleki atayika, mpweya ulowa m'mipaipi, ndipo nchito ya ora limodzi isanduka ya tsiku lonse.

Komatu njira yoyenera ndi yaifupi. Galimoto iimikidwa pamalo osalala, ndipo mawilo a kutsogolo achingidwa ndi zipika, popeza handibuleki idzakhala yomasula. Itukulidwa, ndi kukhazikidwa pa zitsulo zoimikira, osati pa jeke yokha. Batire ikhale yamphamvu, pakuti ikafooka pakati pa nchito kamota kaima panjira. Pansi pa ciwongolero pali polumikizira pa timabowo 16, pochedwa OBD, ndipo pamenepo alumikiza kamakina kopimira kamene amakanika angokachula kuti kompyuta. Kamakina kauza galimoto kuti ilowe mu service mode: timamota timveka tiri kubwezera nati kumbuyo, ndipo handibuleki ileka kudzimanga yokha. Magalimoto ena, monga a Mazda ndi a Ford, alowa mu service mode popanda kamakina, mwa kuponda copondera ndi kugwira batani m'ndondomeko imene opanga analemba. Zikatero, pa magalimoto ambiri pisitoni ikankhidwa molunjika ndipo ilowa mofewa. Alipo ena amene ifunika kuizungulitsa, ndipo woweruza pa ici ndi buku la opanga galimotoyo. Pokankha, diso likhale pa kabotolo ka mafuta a mabuleki kutsogolo, cifukwa mafuta akwera ndipo akhoza kusefukira pa penti. Mapadi asinthidwa mawilo onse awiri tsiku limodzi. Atamanga zonse, copondera ca mabuleki cipondedwa kangapo kufikira cilimbe, galimoto itulutsidwa mu service mode, ndipo batani likokedwa ndi kumasulidwa kangapo kuti nati ipeze malo ace atsopano. Zonsezi munthu amene adziwa kale kusintha mapadi akhoza kuziphunzira masana amodzi.

Amakanika ena ocenjera apeza njira zao. Azula pulagi ya kamota ndi kulumikizapo mawaya awiri ocokera ku batire ya mavolti 12, kuti kazungulire cobwerera. Ena amasula kamota konse ndi kubweza bauti ndi dzanja. Njira izi zigwira nchito m'manja mwa munthu amene adziwa cimene ciri m'kati, ndipo zisonyeza kuti mitu ya amisiri a dziko lino siinagone. Koma mawaya akasinthanitsidwa pisitoni ipita kunja m'malo mwa kulowa, ndipo kamota kakasiyidwa kazungulire kupitirira malire kaonongeka. Kawirikawiri kompyuta ya galimoto isunga colakwa, nyali ikhala yoyaka, ndipo kamakina kaja kafunikabe kuti kaizimitse. Coipitsitsa ndi cizolowezi ca kuuza mwini galimoto kuti nyaliyo ndi ya cabe. Dalaivala akazolowera kuyenda ndi nyali yoyaka, tsiku limene idzayakira bvuto lenileni sadzaiyang'ana.

Alipo amene anena kuti yankho ndi lapafupi: galimoto ya masiku ano ipite ku garaja yaikuru. Mau awa amveka bwino kwa munthu wokhala mu Lusaka, mu Ndola kapena mu Kitwe. Wa ku Chipata ali kutali ndi Lusaka makilomita oposa 500, wa ku Lundazi kuposa pamenepo, ndipo pakati pali zitunda ndi makona a Manenekera pa mseu wa Great East Road. Kuuza munthu kuti atsike malo amenewo ndi mapadi akutha kuti akawasinthitse ku likulu ndiko kumtuma ku ngozi imene afuna kuithawa. Ndiponso nchito ikacotsedwa kwa amakanika ang'ono-ang'ono, mabanja amene adya pa sipanala adzadya ciani? Magalimoto a mpini ali kucepa caka ndi caka. Makanika amene aleka mabuleki a batani lero adzaleka zinthu zina mawa, kufikira atsale ndi mawilibala.

Bungwe la TEVETA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1998, ndilo liyang'anira maphunziro a nchito za manja, ndipo masukulu alipo, monga Chipata Trades Training Institute ndi Northern Technical College ku Ndola. Acinyamata amene alowa m'masukulu amenewa ali ndi mwai. Amene afunika kuganiziridwa ndi makanika wa zaka 45 amene anaphunzira nchito kwa amalume ace, ali ndi ana ku sukulu, ndipo sangatseke garaja yace zaka ziwiri kuti akakhale pa desiki. Iyeyo afunika maphunziro a masiku awiri kapena atatu, pa Ciweru kapena madzulo, m'Cinyanja, ndi kalipa yeniyeni yopasulidwa patebulo kuti aone bauti ndi nati ndi maso ace. Munthu amene waona kamodzi cimene cichinga pisitoni sadzaikanso paipi pa G-clamp.

Za ndalama, njira iripo. Mu 2022 Boma linakweza thumba la CDF kucokera pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konsticuwensi iri yonse, ndipo gawo lina la ndalamazo linapatulidwira maphunziro a luso ndi kuthandiza makopaletivu. Mutu umodzi susenza denga. Amakanika khumi a pa msika umodzi akalembetsa kopaletivu akhoza kupempha kamakina kamodzi kabwino, kosungidwa ndi mmodzi ndi kubwerekedwa ndi onse pa kandalama kocepa. Tiripo timakina tina tochipa tolumikiza ku foni, koma si tonse timene tikhoza kumasula handibuleki, ndipo wogula afunse zimenezo asanapereke ndalama. Makhansala ndi makomiti a citukuko ca m'mawodi acite bwino kukumbuka kuti kopaletivu si ya nkhuku ndi mbuzi zokha.

Nawonso eni magalimoto ali ndi mbali yao, ndipo pano mpofunika kunena mosabisa. Munthu agula galimoto ya ndalama zikwi zambiri, koma pa mabuleki akangana ndi makanika cifukwa ca makwacha ocepa a kompyuta, napita kwa wina amene alonjeza kumaliza msanga ndi mochipa. Safunsa anadya phula. Funso ndi limodzi cabe, lofunsidwa mwaulemu wilo lisanamasulidwe: kodi handibuleki aibweza motani? Makanika wodziwa ayankha mosazengereza, ndipo woona mtima amene sadziwa anena kuti aitana mnzace. Amene aseka ndi kunena kuti mabuleki onse ndi amodzi, ameneyo asapatsidwe kiyi.

Ciripo cinthu cina cimene madalaivala ambiri sanauzidwe pogula. Pa magalimoto ambiri a mtundu uwu, batani lija ndilonso buleki ya pangozi: likakokedwa ndi kugwiridwa osalitaya galimoto iri kuyenda, galimoto icepetsa liwiro kufikira iime, ndipo likatayidwa buleki imasuka. Buku la galimoto iri yonse lifotokoza zimenezi, ngakhale kuti ambiri afika kuno ndi buku la m'Cijapanizi. Cotero mwini galimoto asanalipire makanika aone kuti copondera ncolimba, kuti pa dashibodi palibe nyali yotsala yoyaka, ndi kuti timamota timveka mbali zonse ziwiri. Kenaka apite pa kacitunda kapafupi, akoke batani, giya iri pa N, acotse phazi pang'ono-pang'ono, aone ngati galimoto iima nji. Masiku oyamba ayende mofatsa, osaponda mabuleki mwadzidzidzi popanda cifukwa, kufikira mapadi atsopano akhazikike bwino pa disiki.